MANKHWALA ATSOPANO A MAFUTA A M'MAGAZI: KODI OFUFUZA APEZA ZOTANI?

Masiku ano m'makiliniki a m'makomboni mwathu mumveka mau amene kale sitinali kuwamva kawiri-kawiri. Munthu abwera kudzapimitsa BP kapena shuga, koma pobwerera kunyumba anyamula kapepala kokamba kuti kolesterolo yakwera. Ambiri adabwa cifukwa m'thupi samva kuwawa kulikonse. Ena kapepalako angokapinda ndi kukaiwala. Ena athamangira kwa ogulitsa tiyi ndi makapisozi "otsuka magazi", nataya ndalama zimene zikanagula thumba la unga. Lero tikambirane za mafuta amenewa ndi za mankhwala atsopano amene ofufuza akhala ali kuyesa, kuti mukamva nkhani zake pa wailesi kapena pa foni mudziwe posiyanitsa.

Mafuta ali pawiri

Kolesterolo si poizoni. Thupi liifuna pomanga khungu la timaselo take, popanga ndulu ndi zinthu zina zofunika, ndipo yambiri imapangidwa ndi ciwindi cathu comwe. Yocokera m'zakudya ndi yocepa poyerekeza. Ndiye cifukwa cake munthu woonda angathe kukhala nayo yambiri, pomwe mnzake wa mimba yaikulu ali bwino. Pa kapepala ka ku labu muona zilembo LDL ndi HDL. LDL ndiyo yoopsa. Ikacuruka imalowa m'zipupa za mitsempha ndi kumaunjikana pang'ono-pang'ono kwa zaka zambiri, monga mmene mafuta otsukira mbale amatsekera paipi ya pa sinki. Tsiku lina mtsemphawo utsekeratu. Ukakhala wa pamtima, munthu amva kuthina koopsa pacifuwa ndipo angafe pomwepo. Ukakhala wa ku bongo, ndiye sitoloko ija imene isiya atate a nyumba atafa dzanja ndi mwendo, osathanso kugwira nchito.

Mafuta aciwiri ndi ma triglyceride. Awa ndi mafuta amene thupi lisunga tikadya zoposa zimene tigwiritsa nchito. Amakwera ndi mowa, shuga wa mu tiyi, zakumwa zotsekemera, kunenepa pamimba, ndi matenda a shuga osasamalidwa bwino. Akakwera kwambiri, magazi a mu kabotolo ka ku labu aoneka ngati asakanizidwa ndi mkaka.

Manambala oyenera kuwasunga ndi awa. Kolesterolo yonse pamodzi ikhale pansi pa 5 mmol/L, LDL pansi pa 3, ndipo ma triglyceride pansi pa 1.7. Kwa munthu amene anadwalapo kale mtima kapena sitoloko, madotolo afuna LDL itsike kufika pansi pa 1.8, ngakhale 1.4. Ma triglyceride akapitirira 10 pamakhala ngozi yina: kapamba, kaciwalo kamene kapanga insulini, kamatupa mwadzidzidzi, ndipo ululu wake wa m'mimba ugoneka munthu m'cipatala.

Mmene mankhwala ayesedwera

Mankhwala amene tonse tidalira lero ndi a gulu la ma statin, monga simvastatin ndi atorvastatin. Anayamba ndi wasayansi wa ku Japan, Akira Endo, amene mu 1973 anapeza mu nkhungu yomera pa mpunga kanthu koletsa ciwindi kupanga kolesterolo. Statin yoyamba inaloledwa kugulitsidwa ku America mu 1987. Koma madotolo ambiri anali kukaikabe. Kutsitsa nambala pa pepala ndi cinthu cina, kupulumutsa munthu ndi cinanso.

Yankho linabwera mu 1994 kucokera ku maiko a Scandinavia. Ofufuza anatenga odwala mtima 4,444 ndi kuwagawa pawiri mwa maere. Gulu lina linali kumwa simvastatin, lina mapiritsi ofanana nawo maonekedwe koma opanda mankhwala mkati. Wodwala sanali kudziwa gulu lake, ngakhale dotolo womuona sanali kudziwa. Patapita zaka zoposa 5 anawerenga maliro. M'gulu la mapiritsi opanda kanthu munafa anthu 256, m'gulu la simvastatin munafa 182. Kucokera pamenepo mkangano unatha. Kafukufuku wina wambiri wotsatira anasonyeza kuti LDL ikatsika ndi 1 mmol/L, ngozi ya matenda a mtima ndi sitoloko itsika ndi 22 pa 100 alionse.

Ndafotokoza zimenezi mwatsatane-tsatane cifukwa ndiyo mbale yoyesera mankhwala alionse. Mankhwala atsopano ayamba kuyesedwa pa anthu ocepa kuti aone ngati savulaza, ndiye pa mazana angapo kuti apeze mlingo woyenera, pomaliza pa anthu zikwi zambiri kwa zaka zingapo. Wogulitsa botolo pa msika akakuuzani kuti "anayesa ku America", mufunseni kuti anayesa pa anthu angati, ndipo amene sanamwe anali angati.

Ngakhale makampani akulu-akulu amagwa pa mayeso amenewa. Mu 2006 kampani ya Pfizer inali kuyesa mankhwala ochedwa torcetrapib pa anthu oposa 15,000. Mankhwalawa anakweza kwambiri HDL, imene anthu aicha kolesterolo yabwino, ndipo pa pepala zonse zinali zokongola. Koma amene anali kumwa anali kufa ambiri kuposa amene sanali kumwa, tero mu December caka cimeneco kafukufukuyo anaimitsidwa. Mu 2022 mankhwala ena, pemafibrate, anayesedwa pa odwala shuga pafupi-fupi 10,500. Anatsitsa ma triglyceride ndi gawo limodzi mwa magawo 4, koma matenda a mtima sanacepe ngakhale pang'ono.

Mphatso imene inapezeka m'magazi a anthu akuda

Nkhani imene ine indikondweretsa kwambiri ndi ya kanthu kochedwa PCSK9. Pa ciwindi pali tizitseko tambiri-mbiri timene tikoka LDL kuicotsa m'magazi. PCSK9 nchito yake ndi kuononga tizitseko timeneti. Ikacuruka, tizitseko ticepa ndipo LDL itsalira m'magazi.

Mu 2003 ofufuza anapeza mabanja ku France amene PCSK9 yao inali yamphamvu mopitirira, ndipo anali kudwala mtima akali acinyamata. Madotolo awiri a ku Dallas, Helen Hobbs ndi Jonathan Cohen, anaganiza zofunafuna anthu a mbali yina, amene PCSK9 yao ndi yofooka cibadwire. Anawapeza pakati pa anthu akuda a ku America, anthu 2 kapena 3 pa 100 alionse. Mu 2006 anaulutsa zimene anaona: LDL ya anthu amenewa inali yotsika ndi 28 pa 100 cabe, koma pa zaka 15 matenda a mitsempha ya mtima anali ocepa ndi 88 pa 100. Cifukwa cake n'cakuti LDL yao inali yotsika kuyambira pa ubwana, osati kuyambira pa zaka 55 pamene ambiri a ife tiyamba mapiritsi.

Cibadwa cimeneci cinacokera kuno ku Africa. Mu 2007 ofufuza anapima amai 653 a ku sikelo ya apakati ku Zimbabwe, napeza kuti pafupi-fupi 4 pa 100 alionse anali naco. Mmodzi wa iwo anatengera kwa atate ndi amai omwe, ndipo LDL yake inali 0.4 cabe, komabe anali mai wathanzi. Izi zinalimbitsa mtima opanga mankhwala kuti kutseka PCSK9 sikungaphe munthu.

Mu 2015 nyeleti ziwiri zotseka PCSK9 zinaloledwa, evolocumab ndi alirocumab. Munthu adzilasa yekha pansi pa khungu pa milungu 2 iliyonse kapena kamodzi pa mwezi. Evolocumab inayesedwa pa odwala 27,564 amene anali kumwa kale ma statin, ndipo zotsatira zinaturuka mu 2017. LDL inatsika ndi 59 pa 100. Manyuzipepala analemba kuti matenda a mtima acepa ndi 15 pa 100, ndipo sanali kunama. Koma taonani bwino manambala ake. Pa zaka 2 ndi miyezi yocepa, mwa anthu 1,000 osalasidwa mankhwala amene anadwala anali 113, mwa 1,000 olasidwa anali 98. Ndiye kuti anthu 15 pa 1,000 ndiwo anapulumuka ku kudwala, ndipo ciwerengero ca akufa sicinasiyane pa nthawi imeneyo. Phindu lilipo ndithu, maka-maka kwa wodwala amene mtima unamugwetsapo kale. Koma nyeletizi ndi zodula kwambiri, ndipo ziyenera kukhala mu firiji. Inu mudziwa mmene malaiti amapitira m'makomboni mwathu.

Pambuyo pake panabwera inclisiran, imene maiko a ku Ulaya anailola mu 2020 ndipo America mu 2021. Iyi iletsa ciwindi kupanga PCSK9 kumene. Munthu alasidwa tsiku loyamba, abwereranso patapita miyezi 3, ndiye kucokera apo kawiri cabe pa caka, ndipo LDL itsika ndi theka. Anailola poona kutsika kwa LDL, kafukufuku wamkulu wowerenga odwala ndi akufa asanathe. Kwa ife a kuno, amene tidziwa mmene anthu amalekera mapiritsi a BP akangomva bwino, nyeleti ya kawiri pa caka ndi cinthu coyenera kuciyang'anira mtengo wake ukadzatsika. Mu November 2025 kampani ya Merck inaonetsanso zotsatira za piritsi lochedwa enlicitide, lotseka PCSK9 yomweyo koma lakumwa kamodzi pa tsiku, limene linatsitsa LDL kuposa theka.

Palinso mapiritsi awiri ofatsa. Ezetimibe iletsa matumbo kuyamwa kolesterolo, ndipo mu 2015 anatsimikiza kuti poiphatikiza ndi statin ionjezera citetezo pang'ono. Bempedoic acid inayesedwa pa anthu pafupi-fupi 14,000 amene analephera kumwa ma statin, ndipo mu 2023 anapeza kuti icepetsa matenda a mtima ndi 13 pa 100, ngakhale kuti ena inawadwalitsa gauti, kutupa kowawa kwa mfundo ya cala cacikulu ca kuphazi.

Nanga ma triglyceride?

Kuno zinthu sizinayende mosalala. Ambiri mwamvapo za mafuta a nsomba. Mu 2018 kafukufuku wa anthu 8,179 anasonyeza kuti mafuta a nsomba oyengedwa mwapadera, ochedwa icosapent ethyl, pa mlingo waukulu wa magalamu 4 pa tsiku, anacepetsa matenda a mtima ndi 25 pa 100. Koma mu 2020 mtundu wina wa mafuta a nsomba unayesedwa pa anthu oposa 13,000 ndipo sunathandize konse. Akatswiri anakangana kwambiri, ena nati mafuta amene anapatsidwa gulu loyerekezera mu 2018 ndiwo anali kuvulaza anthu, tero mankhwalawo anaoneka abwino mopitirira. Cimene ndingakuuzeni mosakaika n'cakuti makapisozi wamba a mafuta a nsomba a m'masitolo si amene anayesedwa mu 2018. Ndalama imeneyo mukagule kapenta.

Kumene ofufuza apambana ndi kwa odwala amene ma triglyceride ao akwera moopsa. Pali matenda osowa kwambiri obadwa nao, amene munthu sangathe kuyeretsa mafuta m'magazi akadya, ndipo kapamba kamamutupa kawiri-kawiri kuyambira pa ubwana. Nyeleti ya olezarsen, ya kamodzi pa mwezi, inaloledwa ku America mu December 2024 kaamba ka odwala otere, ndipo plozasiran, ya kamodzi pa miyezi 3, inatsatira mu November 2025. Zonse ziwiri ziletsa ciwindi kupanga kanthu kochedwa apoC-III kamene kacedwetsa kusungunuka kwa mafuta. Mu 2025 olezarsen inayesedwanso pa gulu lalikulu la anthu a ma triglyceride okwera kwambiri. Mafutawo anatsika mpaka ndi 72 pa 100, ndipo kutupa kwa kapamba kunacepa ndi 85 pa 100.

Komabe kwa ambiri amene tiwaona ku kiliniki, ma triglyceride a 3 kapena 4 safuna nyeleti. Afuna kuti abambo acepetse mabotolo a pa Cisanu ndi pa Ciweru, kuti masupuni a shuga mu tiyi acoke pa 4 kufika pa 1, ndi kuti shuga ya m'magazi isamalidwe. Pa milungu yocepa cabe nambala imatsika.

Ofufuza ena apita patali koposa. Afuna kusintha malangizo a cibadwa a m'ciwindi ndi dilipu imodzi, kuti munthu akhale monga mai uja wa ku Zimbabwe moyo wake wonse. Munthu woyamba anapatsidwa mankhwala otere ku New Zealand mu 2022. Mu 2024 kuyesako kunaimitsidwa pamene mmodzi wa odwala anaonetsa zizindikiro za kuvulala kwa ciwindi, ndipo kampaniyo inasintha kapangidwe ka mankhwalawo. Mu November 2025 gulu lina linaulutsa zotsatira za anthu 15 cabe. Amene analandira mlingo waukulu, LDL ndi ma triglyceride zinatsika ndi theka. Anthu 15 ndi ocepa kwambiri. Ndiponso piritsi likakuvuta ungaleke, koma cibadwa cikasinthidwa palibe kubwerera.

Kafukufuku amene atikhudza ife

Pa zonsezi, kafukufuku amene ine ndiona kuti ndi wa phindu kwambiri kwa mabanja athu sanali wa mankhwala atsopano ai. Dzina lake ndi REPRIEVE, ndipo zotsatira zake zinaturuka mu 2023. Anatenga anthu 7,769 okhala ndi kacirombo ka HIV, a zaka 40 mpaka 75, onse akumwa ma ARV, m'maiko 12 kuphatikizapo Zimbabwe, Botswana, South Africa ndi Uganda. Anthuwa sanadwalepo mtima, ndipo ambiri kolesterolo yao sinali yokwera kweni-kweni. Theka linapatsidwa statin yochedwa pitavastatin, mamiligalamu 4 pa tsiku. Patapita zaka 5 oyang'anira anaimitsa kafukufukuyo nthawi yake isanakwane, cifukwa phindu linali loonekeratu: matenda a mtima ndi sitoloko anacepa ndi 35 pa 100.

Cifukwa cake n'cakuti kacirombo, ngakhale katagona ndi mankhwala, kamatukusira mitsempha pang'ono-pang'ono. Abale athu amene ma ARV anawapulumutsa zaka 20 zapitazo tsopano ali ndi imvi, ndipo mdani wao watsopano ndi BP, shuga ndi mitsempha yotsekeka. Ngati mumwa ma ARV ndipo mwafika zaka 40, pa tsiku lanu lokatenga mankhwala funsani za statin. Koma musagule nokha. Simvastatin siyenera kumwedwa pamodzi ndi ma ARV a mzere waciwiri okhala ndi ritonavir, monga lopinavir ndi atazanavir, cifukwa imaunjikana m'thupi ndi kuononga minofu. Wokulemberani mankhwala ayenera kudziwa zonse zimene mumwa, ndipo apa manyazi angakuvulazeni.

Ambiri aleka statin cifukwa amva kuti iwawitsa thupi. Ofufuza a ku London anayesa zimenezi mu 2020 pa anthu 60 amene analeka statin kaamba ka zowawa. Mwezi wina anali kuwapatsa statin, mwezi wina piritsi lopanda kanthu, mwezi wina osamwa ciliconse, eni ake osadziwa za m'botolo. Anapeza kuti magawo 9 mwa 10 a zowawazo anali kubweranso ndi piritsi lopanda kanthu. Si kuti anthuwo anali kunama, zowawa anali kuzimvadi, koma sizinali kucokera ku mankhwala. Theka la iwo linayambanso kumwa. Tero mukamva kuphwanya m'thupi, bwerani tikambirane. Nthawi zina tingosintha mtundu kapena mlingo. Cizindikiro cofuna cangu ndi kuwawa kwambiri kwa minofu pamodzi ndi mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Izi n'zosowa, koma zikacitika lekani mapiritsi ndi kupita ku cipatala tsiku lomwelo. Statin ikwezanso pang'ono mpata wodwala shuga kwa amene anali pafupi kale kudwala, koma phindu lake pa mtima liposa ngozi imeneyi. Amai apakati, oyamwitsa ndi amene afuna kuima auze a kucipatala asanamwe.

Za kukhichini ndingokambapo pang'ono, pakuti mwazimva kambiri. Zimene zikweza LDL ndi mafuta olimba: mafuta a nyama ndi khungu la nkhuku, michopo yonona, masoseji, bata, ndi vitumbuwa ndi machipisi okazinga m'mafuta obwereza-bwereza. Botolo la saladi lolembedwa kuti mulibe kolesterolo lisakunyengeni kuti ndi lapadera. Mafuta onse a mbeu alibe kolesterolo, ndipo mukathira ambiri munenepa cimodzi-modzi. Nshawa ndi kotapela musaziope. Nyemba, kapenta, ndiwo zamasamba zotendera ndi nsima ya mgaiwa ndi zabwino, ndipo nthongo za nsimayo zikhale zocepako. Fodya ndiye aononga mitsempha kuposa zonsezi. Koma tisanamizane: munthu amene anagwidwapo sitoloko kapena mtima, kapena amene kolesterolo ndi ya m'banja mwao, zakudya zokha sizingamukwanire.

Kolesterolo ya m'banja imeneyi si yosowa monga mmene ambiri aganizira. Pa dziko lonse munthu mmodzi mwa 250 kapena 300 abadwa nayo, ndipo kholo likakhala nayo, mwana aliyense ali ndi mpata wa theka woitengera. Ngati atate anu, amai anu kapena m'bale wanu anafa mwadzidzidzi ndi mtima asanafike zaka 55 kapena 60, pimitsani, ndipo LDL ikapezeka pamwamba pa 5, ana anunso apimidwe. Ena oyenera kupimitsa ndi odwala shuga, a BP, a matenda a impso, osuta fodya, ndi aliyense wopitirira zaka 40. Si kiliniki iliyonse imene ili ndi makina opimira mafuta, tero angakutumizeni ku cipatala cacikulu. Akakuuzani kuti afuna kuona ma triglyceride, musadye ciliconse kwa maola 8 mpaka 12, mungomwa madzi, ndipo dzulo lake musamwe mowa. Kapepala ka zotsatira mukasunge pamodzi ndi khadi lanu la ku cipatala, cifukwa patapita miyezi 3 muli pa mankhwala tidzafuna kuyerekeza nambala yatsopano ndi yakale.